Lemba Kuti Mayi Akudwala

Luoyang, kunyumba ya mfumu
Mwezi wachiwiri, tsiku la 6

Kwa mlongo wanga Nuan, kumudzi kwathu ku Baishi,

Ndikugwada pamaso pa mayi. Iwe ndi alamu a Pan landirani moni. Kaya chisanu chakusiyani bwanji? Ine ndili bwino, kungoti mawondo ayamba kudandaula, poti ntchito yathu ife ofulidwa a m'nyumba ya mfumu ndi kugwada basi. Ndikadali kosunga zovala za mfumu. Kudzera mwa a Kuang ogulitsa mchere ndatumiza nsalu yochindikala ya mayi. Undiuze ngati denga la kuchipinda cha mbozi za silika munalikonza, ndiponso ngati mtengo wa masau wa kuseri uja ukadalipo.

Tsopano tchera khutu. Ndikufuna ulembere mng'ono wanga Tong kuti mayi akudwala kwambiri, abwere kumudzi msanga. Ndikudziwa kuti mayi ali bwino. Ingolemba choncho.

Sindingafotokoze zambiri, kalata ilibe chitseko. Zimene aliyense kuno akudziwa ndi izi. Mfumu yathu ikadali mnyamata, ndipo amene wagwira dziko ndi malume ake, mkulu wa asilikali Kazembe Lou, mlongo wawo wa Mayi a Mfumu. Tong amalondera pachipata cha Kazembeyo. Ife amene tinalera mfumu, kuisambitsa ndi kuidyetsa kuyambira ili khanda, Kazembe amationa ngati nsabwe m'chovala cha mwana wa mlongo wake. Akuluakulu athu nawonso samugonera tulo. Chaka chino mfumu ivala chisoti cha uchikulire. Ndalekera pomwepa.

Ungafunse kuti bwanji osamuuza ndekha, poti tili mumzinda umodzi. Mwezi watha tinakumana pamsika wa akavalo. Ndinaiwala, ndinangoti, “Tong!” Iye anali ndi anzake. Mmodzi anamufunsa, “Mfule uyu ukumudziwa?” Tong anati, “Wandifanizira ndi wina,” n'kulavulira pansi. Sindikumuimba mlandu. Msilikali wa Kazembe akaoneka akucheza ndi munthu ngati ine, mawa lake alibe ntchito.

Usamuuze kuti wapempha ndine. Lumbira pamanda a bambo.

Ndine mlongo wako,
Gu Mao

Luoyang, kunyumba ya Kazembe Lou
Mwezi wachiwiri, tsiku la 9

Achemwali,

Moni! Mayi ali bwanji? Alamu a Pan akadalemberabe anthu makalata pamsika? Akaona zilembo zangazi asaseke, ndalemba ndekha. Sindikufuna munthu kuno adziwe kuti ndili ndi mkulu wanga m'nyumba ya mfumu.

Nsapato zija mayi anandisokera zang'ambika, chala chikusuzumira. Andisokere zina, ndipo ngati pali timakobiri totsala musandiiwale. Kupatula apo tikudya bwino. Dzulo kunali nyama ya nkhosa mpaka ena kumasula malamba. Achemwali, Kazembe wathu mukanamuona! Anthu onse polowa kwa mfumu amavula nsapato n'kusiya lupanga pakhomo. Iye amangolowa nazo ngati akulowa m'khola mwake.

Koma pali nkhani. Tikudya nyamayo, mkulu wa gulu lathu anaimirira n'kunena kuti, “Anyamata, idyani mukhute. Posachedwapa tikasesa m'nyumba ya mfumu.” Wina anafunsa, “Bwana, tikasesa mpaka pati?” Iye anati, “Mpaka kuseri kwa chitseko.” Anthu anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka nawo, koma nyama yanga sindinaimalize.

Ndiye chonde, muwalembere achimwene a Mao kuti mayi adwala mwakayakaya, apemphe chilolezo abwere kumudzi. Tsiku losesalo asapezekemo. Zambiri musandifunse, tinalumbiritsidwa.

Ine sindingawauze. Tsiku lina anandiitana pamsika anzanga ali pompo, ine n'kuwakana. Akanadziwika dzina, bwenzi anyamata aja atawaika chizindikiro. Koma mmene anandiyang'anira, achemwali! Tsopano ngakhale nditawauza kuti nyumba ikupsa sangandikhulupirire.

Musawauze kuti ndine ndapempha. Lumbirani pamanda a bambo.

Nsapato musaiwale.

Tong

Baishi
Mwezi wachitatu, tsiku la 4

Achimwene a Mao,

Moni wanu tamulandira, nsalunso yafika. Mayi aivala kale ngakhale kwayamba kufunda, akuti anthu aione. Denga tinakonza. Masau akadalipo. Ndikuyankhula ndine Nuan, akulemba ndi alamu anu.

Achimwene, kodi ku Luoyang kwagwa matenda anji? Munthu wamkulu ngati inu kukhala pansi, kusungunula inki, n'kupempha kuti mayi anu adwale? Alamu anu atawerenga mokweza, mayi anasiya kupota ulusi n'kufunsa, “Wati ndidwale liti?” Ndinati sananene tsiku. Anati, “Ndiye andiuze, ndisayambe ntchito imene sindidzaimaliza.” Atatero analowa m'nyumba, tsiku lonse osadya.

Sindilemba bodza limenelo. Matenda saitanidwa, amamva.

Mayi akuti akudziwa chimene chikukudyani. Akuti chaka cha njala chija, bambo atakuperekani kwa anthu a mfumu, Tong anali pabere. Ndiye lero mukumuona atamera ndevu, ali ndi lupanga, akukwera, mtima ukukupwetekani, mukufuna abwerere kudzagwira khasu. Akuti ngati muli ndi mangawa mukhale nawo ndi iwowo, osati ndi mwanayo. Ine sindikudziwa. Pali zina zimene sindinganene, chifukwa mwezi uno ndalumbira kawiri pamanda a bambo, ndipo ndikuona kuti bambo atopa nane.

Kunonso zinthu sizikumveka. Kunabwera mthenga wa boma kudzalemba mabanja amene ali ndi abale mwa ofulidwa a mfumu, akuti kukubwera mphatso. Tinalembetsa. Patangopita masiku kunabwera wina kudzalemba mabanja omwewo, koma uyu sanaseke ndi munthu ndipo anafunsa kuti nyumba yathu ili ndi zitseko zingati. Ndinamuuza kuti tilinso ndi mwana kwa Kazembe Lou. Anakanda m'mutu n'kunena kuti, “Ndiye inu ndikulembeni mbali iti?” Ndinati, “Bambo, amene mwabwera ndi cholembera ndinu.” Anyumba yoyandikana nafe m'mawa amatigwadira, madzulo satiyankha moni.

Tiuzeni zomveka.

Mlongo wanu,
Nuan

Ine Pan ndikuwonjezera pang'ono. Alamu, ngati kumeneko kungapezeke malo a mlembi, dzanja langa ndi limeneli mukulionali. Funso lomweli ndafunsanso kwa alamu aang'ono, poti sindikudziwa khomo loyenera kugogoda.

Baishi
Tsiku lomwelo

Iwe Tong,

Nsapato ndi izo. Mayi asoka akulira, ukaziona zothimbirira usadabwe. Makobiri kulibe, mbozi sizinayambe kuluka.

Ulibe manyazi? Mayi ako ali moyo, akukusokera nsapato, iwe ukuwafunira mphasa ya odwala? Sindilemba. Za kusesazo sitinazimvetse. Unapita ku Luoyang kukakhala msilikali kapena wosesa? Ndipo achimwene ako aziopa tsache chifukwa chiyani? Mayi akuti a Mao anayamba kusesa pabwalo pano iwe usanabadwe.

Mayi akuti vuto lako ndi manyazi. Wayamba kudya nkhosa ndi anthu apamwamba, ndiye mkulu wako akukuchititsa manyazi, ukufuna achoke mumzinda kuti uziyenda momasuka. Akuti ndikukumbutse kuti mapira amene anakupulumutsa chaka cha njala anagulidwa ndi thupi la munthu amene unamulavulira pamsikayo.

Pita ukawapepese.

Nuan

Luoyang, kunyumba ya mfumu
Mwezi wachinayi, tsiku la 2

Mlongo wanga,

Moni kwa nonse. Uwauze mayi kuti ndagunditsa chipumi pansi kupepesa. Andimva molakwa. Ndilibe mangawa ndi Tong, ngakhalenso ndi iwo. Chimene chinanditengera kwa anthu a mfumu ndi njala, osati khanda.

Wati ndikuuze zomveka. Ndikanakhala nazo ndikanakupatsa. Tamva zimene zachitika dzana. M'mawa kunatuluka lamulo, chidindo cha mfumu chili pompo, lakuti a Sang, mkulu wa ife ofulidwa tonse, apatsidwe midzi ndi akavalo. Dzuwa lisanafike pamutu kunatuluka lina, chidindo chomwecho, lakuti a Sang amangidwe. Onyamula mphatso ndi onyamula zingwe anakumana pakhomo pawo.

“Inu wakutumani ndani?”

“Mfumu.”

“Ifenso mfumu.”

Anayang'anana, kenaka onse anakakhala pamthunzi kudikira lamulo lachitatu. A Sang anawatumizira mowa wa mapira, n'kumwa onse chikho chimodzi. Nthawi yonseyo mwini chidindo anali ndi ine, ndikumuyesa mkanjo watsopano. Ndikumanga lamba, anandifunsa monong'ona, “Mao, kodi lero ndalamula chiyani?” Ndinati sindikudziwa, Mbuye wanga. Anati, “Ukamva undiuze.”

Chidindocho chimagona kwa amayi ake. Amayiwo m'mawa amamvera mlongo wawo Kazembe, madzulo amamvera a Sang amene amawapesa tsitsi. Zinthu zotere sizikhalitsa. Akuluakulu athu asiya kuyankhula ndikamalowa, ndipo m'mabokosi mwanga, pansi pa mikanjo, mwayamba kupezeka zinthu zolemera zimene sindinaikemo ine.

Za alembi a boma aja, wina akabweranso ungoti mwamuna wako kulibe, iwe sudziwa kanthu. Alamu a Pan akhale kaye komweko.

Nuan, sindinakupemphepo kanthu chichokereni kumeneko. Lemba kalata ija. Tchimo lake likhale pamutu panga.

Mao

Baishi
Mwezi wachisanu, tsiku la 11

Kwa achimwene a Mao ndi kwa iwe Tong,

Makalata awa ndi awiri ofanana, wina alandira yake, winanso yake. Moni ndilibe nthawi yake.

Mayi akudwala. Anagwa akuthyola masamba a mabulosi odyetsa mbozi, tinachita kuwanyamula. Thupi likutentha, akutsokomola, ndipo dzulo pansalu imene anatsekera pakamwa panali magazi. Sing'anga wabwera kawiri. Koyamba anasiya mankhwala. Kachiwiri anangowagwira pamkono n'kundiitanira panja, n'kufunsa kuti ana aamuna ali kuti.

Phala akungolawa. Ngolo ikadutsa pamsewu amatukula mutu n'kufunsa, “Ndi uti wafika, wamkulu kapena wamng'ono?”

Izi ndi zoona. Ndikubwereza, ndi zoona. Siyani zonse mubwere.

Nuan

Luoyang, kunyumba ya Kazembe Lou
Mwezi wachisanu ndi chimodzi, tsiku la 3

Achemwali,

Ndinu katswiri! Ndinkaganiza kuti mwakaniratu. Za magazi pansalu zija anaganiza ndani, inu kapena alamu? Ndipo nzeru yotumiza kwa tonse awiri ndaigomera, tsopano achimwene sangakaikire kuti ndi ine. Mawu aja akuti “ndikubwereza, ndi zoona” anandiwaza tsemwe ngakhale ndikudziwa chiyambi chake. Mayi muwapepese, ndidzawagulira chipeso cha mnyanga.

Koma achimwene sanasunthe. Ndafufuza kwa mayi wina amene amalowetsa makala kumeneko, akuti akadali pa ntchito. Munthu wouma mtima bwanji! Lembaninso, muwonjezere mchere. Munene kuti mayi sakuzindikiranso anthu.

Ine musandiyembekezere. Sindingachoke achimwene akadali mkatimo. Tsiku lija likafika ndikufuna ndikhale woyamba kulowa, ndiwapeze ine wina asanawapeze.

Nsapato zakwana bwino.

Tong

Luoyang, kunyumba ya mfumu
Mwezi wachisanu ndi chimodzi, tsiku la 4

Mlongo wanga,

Zikomo. Ndikudziwa mmene zakuvutira. Ndikudziwanso kuti ndi zopeka, poti ndinapempha ndine, komabe nditafika pa mawu a ngolo ndinakabisala kuseri kwa mabokosi. Unachita bwino kunditumizira inenso. Alonda a pachipata anaiwerenga n'kundipepesa, ndipo a Sang anati ngati ndikufuna ndipite. Ndinathokoza n'kunena kuti ntchito ya mfumu ndiyo yoyamba.

Tong sanapemphe chilolezo. Dzulo ndinamuona kudzera pazenera ataperekeza Kazembe, ali chilili padzuwa, ndevu zili gwaa ngati za mbuzi. Mwana uyu mayi ake akufa, iye osatekeseka? Tinamulera bwanji?

Ine sindichoka iye akadali kuno. Zikadzachitika ndikufuna ndidzakhale pafupi ndi khomo limene adzaime.

Mayi uwauze kuti akhale ndi moyo zaka zambiri, bodzali liwadutse pamwamba.

Mao

Baishi
Mwezi wachisanu ndi chiwiri, tsiku la 1

Kwa nonse awiri,

Mayi anatisiya dzana m'mamawa. Tawasambitsa, tawaveka nsalu yochindikala ija. Bokosi lili m'nyumba. Akuluakulu akuti sitingawaike pafupi ndi bambo popanda mwana wamwamuna wotsogolera, koma kunja kukutentha, sitingadikire. Tiwaika mawa. Mwambo wotsalawo udzadikira inu.

Malumbiro anga onse awiri ndikuwaphwanya, bambo andikhululukire. Achimwene, Tong anandipempha kuti ndikunamizeni kuti mayi akudwala. Tong, achimwene anandipempha zomwezo za iwe. Makalata anu oyamba anafika m'thumba limodzi la mchere. Ndinakukanirani nonse. Imene ndinalemba mwezi wachisanu ija inali yoona, monga ndinanenera.

Mayankho anu anafika mayi akadali moyo. Alamu anu anamasula ya Tong pafupi ndi mphasa n'kuyamba kuwerenga mokweza asanaione. Atafika pa “ndinu katswiri” anafuna kusiya. Mayi anati, “Pitiriza.” Anawerenga yonse. Mayi anati, “Inayo.” Anawerenganso ya achimwene. Ine ndinali nditaphimba nkhope, ndikudikira kuti alire.

Koma mayi anangofunsa, “Wamng'onoyo wati sachoka chifukwa cha ndani?”

Ndinati, “Chifukwa cha achimwene.”

“Nanga wamkuluyo?”

“Chifukwa cha Tong.”

Mayi anaseka mpaka chifuwa kuwagwira. Anati, “Zitsiru zanga ziwiri. Ndiye kuti sizidana.” Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse ya phala, ndipo sanafunsenso za ngolo. Anakhala masiku ena ochepa.

Ine sindinaseke, ndipo mpaka pano sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Chimene mukuopacho sindikuchidziwa. Ngati chili chachikulu chotere, gwiranani dzanja muthawe nonse, mukudikiranji?

Nuan

Kunyumba ya alendo, pamlatho wa Shuangliu
Mwezi wachisanu ndi chitatu, tsiku la 20

Achemwali,

Moni. Tili moyo, ine ndi achimwene, tili limodzi. Tatuluka mu Luoyang ndipo tili pakati pa njira yobwera kwanu. Chilandirireni kalata yanu ya matenda ija sitinamvenso kanthu, poti zipata za mzinda zinatsekedwa kwa amalonda. Ino ndapatsira munthu wa ngolo ya miphika.

Sindikudziwa poyambira. Tsiku lina masana kunabwera uthenga wakuti Mayi a Mfumu akufuna mlongo wawo. Akuluakulu a asilikali anati, “Bwana, musapite, ndi msampha wa amfule.” Kazembe anaseka n'kunena kuti, “Ndiziopa kukaona mlongo wanga?” Anatenga ife ochepa. Titafika pabwalo lamkati anatisiya panja n'kulowa yekha. Chitseko chinatsekedwa. Sitinamve ngakhale kukuwa, koma Kazembe sanatulukenso wamoyo. Kenaka zitseko zam'mbali zinatseguka, n'kutuluka anthu aja tinkawaseka kuti sangathe kupha nkhuku, aliyense lupanga kumanja.

Ndisanasolole langa, wina anandikoka pakhosi pa malaya n'kundigwetsera m'chipinda chodzaza mabokosi. Ndikuti ndimubaye, ndinamva, “Khala chete, chitsiru iwe.” Anali achimwene, lumo lili kale m'manja.

Ndinati, “Ndevu zanga!”

Anati, “Ndevu zimamera. Mutu sumera.”

Anandimeta, kundiveka mkanjo wa ofulidwa, n'kundiphunzitsa kuyenda timapazi tating'ono maso ali pansi. Ndevuzo anazikulunga pakansalu, akuti za thupi ndi za makolo, sizitayidwa. Anzanga amene ndinalowa nawo palibe anatsala. Masiku awiri ndinakhala ndikupinda zovala za mfumu. Wina akafunsa, achimwene ankati, “Ndi watsopano, bala silinapole, sayankhula.”

Tili awiri ndinawafunsa, “Bwanji simunapite kwa mayi?”

Anati, “Iweyo bwanji sunapite? Mayi ako akudwala, iwe uli chilili padzuwa!”

Ndinati, “Sakudwala. Kalata ija ndinaitanitsa ndine, kuti inu muchoke.”

Anandiyang'ana, mkanjo uli m'manja. “Iwe? Ndinaitanitsa ndine.”

Achemwali, tinaseka titaluma nsalu za mfumu kuti tisamveke. Kenaka achimwene anasiya kuseka. Anati, “Nanga ngati Nuan sananame?” Ndinati asayankhule zoipa.

Tsiku lachitatu asilikali a Kazembe anatentha chipata n'kulowa. Ankakuwa kuti, “Wopanda ndevu aliyense!” Anzanga enieni, amene ndinkadya nawo nkhosa. Sankafunsa dzina. Anapha alembi, ophika, ngakhale ana a akuluakulu amene ndevu zinali zisanamere. Ndipo ine amene ndinkati ndidzakhala woyamba kulowa, ndinali mkati, chibwano chili see ngati dzira.

Ndinalanda kansalu kaja, kutenga phala lokhwimitsira makolala a mikanjo, n'kumata ndevu zanga pachibwano cha achimwene. Ndinawaveka malaya anga akale. Tikutuluka, pamakwerero tinakumana ndi Heng, amene tinkagona mphasa zoyandikana. Anandilozetsa mkondo.

“Ima, mfule iwe!”

“Heng, ndine Tong!”

“Tong ali ndi ndevu.”

Ndikanatani? Ndinamasula lamba, n'kutsitsa zonse, pamakwerero pomwe nduna zimagwadira mfumu. Heng anayang'ana n'kunena kuti, “Ee, ndi Tong ndithu. Valatu, watichititsa manyazi.” Anafunsa za mnzangayo. Ndinati ndi telala wa mumzinda, anamutsekera muno. Achimwene anangogwedeza mutu, ndevu zanga zikugwedezeka nawo.

Tinatsala pang'ono kutuluka bwinobwino. Pachipata chomaliza, chifukwa cha moto ndi thukuta, mbali imodzi ya ndevu inamatuka. Msilikali wina anaona n'kuwabaya pantchafu. Denga la chipata linagwa nthawi yomweyo, anthu n'kubalalika, ine n'kuwabereka.

Amene akulamulira tsopano sindikumudziwa. Ena akuti mfumu inathawira kumtsinje ndi a Sang. Ena akuti a Sang anadziponya m'madzi ndipo mfumu yabwerera. Ena akuti kukubwera kazembe wina kuchokera kumadzulo, amene si malume a munthu aliyense. M'njira akatifunsa kuti ndife a mbali iti, ndimayamba ndafunsa kuti, “Inuyo ndinu a mbali iti?” n'kunena kuti ifenso.

Vuto ndi ili. Bala la achimwene latupa ndipo thupi likutentha, koma mwini nyumba ino akuti akagona pangolo angafike. Achimwene akukana. Akuti kumudzi ana azikawatsatira n'kumayeserera mawu awo, amuna azikasuntha akafuna kukhala nawo pansi. Akuti, “Amene angandione n'kuona mwana wake ndi mayi okha. Ngati kalata ija inali yoona, undisiye pompano, kumeneko ndikatani?” Dzulo anakana kudya. Ndawanyengerera, ndawakalipira, ndawaopseza kuti ndiwamanga, sizikuthandiza. Akuti sasuntha mpaka aone mawu anu, chifukwa inu simunama.

Ndiye achemwali, ulendo uno tilembereni zoona zokhazokha. Mayi ali bwanji? Chipeso chija sindinagule, muwauze.

Tong

Baishi
Mwezi wachisanu ndi chitatu, tsiku la 28

Achimwene, ndi iwe Tong,

Kalata yanu yafika lero, ndipo ndikuyankha ndisanakhale pansi. Ndatuma a Kuang ndi ngolo yawo ya ng'ombe. Ndayalamo udzu ndi mabulangete awiri, ndaikamonso mapira okazinga ndi mankhwala opaka pabala. A Kuang ndi munthu wosakonda kuyankhula, musawavutitse ndi mafunso m'njira.

Pali kalata ina imene ndinakulemberani mwezi watha. Inakafika pachipata cha Luoyang n'kubwerera. Ili pano, mudzaiwerengera konkuno.

Achimwene, idyani. Za ana a m'mudzi zisiyireni ine. Amene adzayeserere mawu anu adzadziwa kuti m'nyumba muno muli mkazi wa mawu aakulu kuposa anu ndi a Tong kuphatikiza. Chipinda cha kum'mawa ndasesa, ndi chanu. Inu ndinu woyamba kubadwa pakhomo pano, ndipo pali ntchito imene ikudikira inuyo, imene ine kapena Tong sitingaigwire. Musandiuze kuti mulibe chodzachita kuno.

Tong, uwanyamule bwino, mwendo wovulalawo ukhale pamwamba. Ukafika wekha usalowe pachipata changa.

Mwandipempha zoona. Sindinakunamizenipo, ndipo sindiyamba lero. Mayi akudziwa kuti simudana, anaseka atamva. Mayi sakudwalanso.

Bwerani.

Nuan